Katemera wa DNA wa dengue pa timachubu ta kaboni: pomwe tafika

Lolemba

Ndiyamba kumalemba apa kuti aliyense wa mu timu, ngakhale amene angolowa kumene, aziona pomwe zinthu zili mmalo momangofunsana mu labu kuti kodi zija zinatha bwanji. Mwachidule ntchito yathu ndi iyi, tili ndi plasmid, DNA yozungulira ngati mphete, yomwe yanyamula jini ya kachidutswa ka puloteni ya kunja kwa vayirasi ya dengue, tikufuna tiyimatike pa timachubu ta kaboni, ma nanotube aja, ndiye timachubuto tiyithandize kulowa mmaselo, maselo apange okha puloteniyo, thupi liyione ngati mlendo nkupanga ma antibody, mapuloteni a chitetezo ogwira vayirasi. Ukamazinena chonchi zikumveka ngati za sabata imodzi koma pa sitepe iliyonse pali pomwe zingakanike, ndipo funso lomwe ine likundivuta kuyambira pachiyambi ndi lakuti kodi machubuwa akuwonjezera chani kwenikweni, kapena tikungowaikapo chifukwa dzina lawo limamveka bwino pa lipoti.

Kwa amene mwalowa kumene, vuto la dengue si loti vayirasi yake ndi yovuta kuipangira ma antibody ayi. Vuto ndi loti ilipo mitundu inayi, DENV-1 mpaka DENV-4, ndipo ukadwala mtundu umodzi umatetezeka ku mtundu umenewo kwa nthawi yaitali koma ku itatu inayo chitetezo chimangokhala cha kanthawi. Chikatsika, ma antibody otsala aja amagwirabe vayirasi ya mtundu wina koma osaifoola, ndiye mmalo moteteza amaiperekeza kulowa mmaselo a chitetezo, ma monocyte ndi ma macrophage, kudzera pa ma Fc receptor, pomwe maselowa amagwirira ma antibody, vayirasi nkuswana kwambiri. Izi ndi zomwe timati ADE, Scott Halstead anazifotokoza kale zaka za mma 1970. Ndiye katemera wa dengue akakhala wofooka pa mtundu umodzi akhoza kuika munthu pa ngozi yomwe analibe. Si nkhani ya mmabuku chabe, Dengvaxia ya Sanofi Pasteur inavomerezedwa koyamba ku Mexico mu 2015, ku Philippines anabaya ana a sukulu oposa 800,000, kenako mu 2017 kampaniyo inalengeza kuti omwe anali asanadwalepo dengue ali pa chiopsezo chachikulu chodwala kwambiri akadzagwidwa pambuyo pa katemerayo, pulogalamu nkuimitsidwa. Qdenga ya Takeda inabwera pambuyo, madozi awiri motalikirana miyezi itatu, WHO inaivomereza kuti mabungwe azigula mu 2024, ndipo Butantan ku Brazil ali ndi wawo wa dozi imodzi. Onsewa ndi a vayirasi yamoyo yofooketsedwa, amafuna firiji, ndipo oyembekezera ndi omwe chitetezo chawo ndi chotsika kwambiri sangabayidwe. DNA siiswana mthupi, siichedwa kupanga, imapirira kutentha kuposa vayirasi yamoyo, nchifukwa chake tili pano. Ndipo kufunika kwake nkosakayikitsa, kafukufuku wina wa 2013 anayerekeza kuti anthu pafupifupi 390 miliyoni amagwidwa pa chaka, 96 miliyoni mwa iwo nkuonetsa zizindikiro.

Zomwe tinagwirizana pa kapangidwe: tikugwiritsa domain III, gawo lachitatu la puloteni E ya kunja kwa vayirasi, yomwe timangoti EDIII, ma amino acid pafupifupi 100 basi. Puloteni E yonse ili ndi ma domain atatu, ndipo fusion loop yomwe ili pa domain II imafanana kwambiri mmitundu yonse inayi, ndiye ma antibody ake amagwira paliponse koma ambiri ndi ofooka, omwe aja a ADE. prM, puloteni ina ya vayirasiyi, nayonso chimodzimodzi, taisiya dala. EDIII ndi yomwe imabweretsa ma antibody olunjika mtundu umodzi. Kuipa kwake ndi kakang'ono, pakokha sikadzutsa chitetezo mwamphamvu, nde apa mpomwe ena akuyembekeza kuti machubu athandiza. Backbone, plasmid yomwe taikamo jiniyo, ndi pVAX1, 3 kb, CMV promoter, kanamycin, kutsogolo taikako tPA signal kuti puloteni izitulutsidwa kunja kwa selo. Ma plasmid anayi, mtundu uliwonse wake.

Lachitatu

Machubu afika, ndi ma multi-walled, a makoma ambiri. Abale ufa umenewu ndi wopepuka moti ukangotsegula botolo mosasamala umauluka, ndiye lamulo ndi loti palibe kuyeza ufa pa benchi, zonse mu hood, masiki, magolovesi awiri, ndipo ukangouika mmadzi usadzauumitsenso popanda chifukwa.

Mmene abweramu sangagwire ntchito. Choyamba sasungunuka mmadzi olo pang'ono, amangoundana nkukhala pansi kapena kumata khoma la botolo. Chachiwiri ndi aatali, ma micrometer ambirimbiri, ndipo kutalikako ndi komwe kumaopsa. Mu 2008 kafukufuku wa gulu la Ken Donaldson ku Edinburgh anaonetsa kuti ma multi-walled aatali akaikidwa mmimba mwa mbewa amayambitsa kutupa ndi ma granuloma ngati mmene imachitira asbestos, pomwe aafupi kapena opiringizika sanachite zimenezo. Chomwe chimachitika nchakuti macrophage imayesa kumeza chinthu chachitali kuposa iyo, imakanika kutseka, nkumangotulutsa zinthu zotupitsa osaleka. IARC, bungwe la WHO lofufuza za khansa, inaika mtundu umodzi, MWCNT-7, mu gulu 2B, kutanthauza kuti ukhoza kuyambitsa khansa. Ndiye munthu akatifunsa kuti mukufuna kubaya anthu abwinobwino, mwinanso ana, ndi zinthu zimenezi, yankho lathu liyenera kukhala ndi zithunzi za TEM, microscope ya ma electron, zoonetsa kuti athu ndi aafupi, osati mawu okha. Chachitatu ali ndi zotsalira za chitsulo chomwe anagwiritsa popanga, iron, cobalt kapena nickel kutengera opanga, ndipo izi pazokha zimapha maselo.

Asidi ndi amene amathetsa zitatu zonsezi nthawi imodzi. Sulfuric ndi nitric, magawo atatu kwa limodzi, mu sonicator ya bafa, madzi a bafa tikumasintha kuti asatenthe kwambiri. Asidiyo amadula machubu, amasungunula chitsulo, nkusiya ma COOH, timagulu ta asidi, kumapeto ndi pomwe pali zilema pa khoma. Kutsuka ndiye ntchito yotopetsa, kusefa pa membrane, kuthira madzi, kusefanso mpaka pH ibwerere pakati, ndipo machubu akafupika amatseka timabowo ta membrane moti dontho limodzi umaliyembekeza mpaka kugona. Koma zotsatira zikuoneka ndi maso, madzi akuda bii ofanana paliponse, asiyidwa usiku wonse osakhala pansi.

Raman, yomwe tikuyezera zilema pa khoma la machubu, yabwera bwino. D band ili cha pa 1350, G band cha pa 1580, ndipo D yakwera poyerekeza ndi G kusiyana ndi ufa woyamba, zomwe timayembekeza chifukwa asidi wawonjezera zilema. TEM ikuonetsa kuti ambiri atsika pansi pa micrometer imodzi koma alipo ena aatali omwe apulumuka, ochepa koma alipo, ndiye tiwonjezera centrifuge yapang'onopang'ono kuti aatali ndi oundana atsike titenge za pamwamba. DLS, yoyezera kukula kwa tizidutswa mmadzi, tayesa koma musaikhulupirire kwambiri, mashiniwo amawerengera ngati chilichonse ndi chobulungira, chubu si mpira, nambala yake ingotithandiza kuona ngati zaundana kapena ayi basi.

Lachisanu

Ma plasmid onse anayi komanso yoyesera ya GFP, puloteni yowala mobiriwira, atuluka mu E. coli, tagwiritsa kit ya endotoxin-free chifukwa LPS, endotoxin ya pa khoma la bakiteriya, ikalowa mu sampulo tidzaona chitetezo chadzuka nkumati ndi machubu pomwe ndi litsiro la bakiteriya. A260/280 ili cha pa 1.8, gel ikuonetsa kuti yambiri ndi supercoiled, sequencing yatsimikiza kuti ma insert ali mu frame. Palibe zambiri apa, zayenda.

Sabata yotsatira

DNA ili ndi chaji ya negative chifukwa cha ma phosphate, machubu a COOH nawonso ndi negative, ndiye amakankhana. Ena amangosakaniza choncho nkudalira kuti ma base a DNA amatirira pa khoma la kaboni, izi zimayenda bwino ndi DNA ya chingwe chimodzi koma plasmid ya zingwe ziwiri ma base ake ali mkati, kumata kwake nkochepa. Ife tasankha kumangirira PEI, polima ya ma amine ambiri, ya branched 25 kDa, kudzera EDC ndi NHS, mankhwala olumikiza amine ndi COOH, kuti ma amine ake apatse machubu chaji ya positive. Njira ina inali ya cycloaddition ya Prato, yomwe gulu la Bianco, Prato ndi Kostarelos linagwiritsa mu 2004 poonetsa koyamba kuti ma nanotube akhoza kulowetsa plasmid mmaselo, koma imafuna masiku ambiri mu DMF yotentha ndipo ma amine ake amakhala ochepa, tinaona kuti PEI itifikitsa msanga.

Zeta potential, muyeso wa chaji ya pamwamba pa machubu, yatembenuka kuchoka negative kupita positive, yadutsa +30 mV yomwe anthu amati zinthu zikhala zosaundana. Gel retardation nayo yaoneka monga mwa mabuku, pa N/P yotsika, kutanthauza nitrogen ya PEI yochepa poyerekeza ndi phosphate ya DNA, band ya plasmid ikuyenda, ukamakweza ikuzimirira, mpaka DNA yonse kutsala mu well. Koma chenjerani ndi gel imeneyi, machubu amazimitsa kuwala kwa dye, ndiye band ikasowa sizitanthauza nthawi zonse kuti DNA yagwidwa, mwina yangobisika. Nchifukwa chake taonjezera heparin, yomwe ili ndi negative yambiri ndipo imalanda malo a DNA, ndipo band inabwerera yathunthu. DNase I, enzyme yodya DNA, tayesanso, plasmid yopanda kanthu yadyedwa yonse, yomwe ili pa machubu yatuluka ilipo titaimasula ndi heparin. Ichi ndi chinthu choyamba chomwe ndinganene kuti chatheka ndithu, DNA ikutetezeka.

N/P tikuwerengera 43 g/mol pa nitrogen iliyonse ya PEI ndi 330 pa phosphate iliyonse, kungoti sitikudziwabe bwinobwino kuti pa milligram ya machubu pali PEI yochuluka bwanji mpaka TGA, kuyeza kulemera sampulo ikutenthedwa, itachitika, ndiye ma N/P omwe ali mu buku la labu pano ndi ongoyerekeza, tizilemba kulemera kwa machubu pa kulemera kwa DNA pambali kuti tidzathe kukonza.

China chomwe chatidyera nthawi, mu PBS, madzi a mchere a mu labu, zonse zikuundana pasanathe mphindi zochepa, umaona timadontho takuda tikuyandama. Mchere ukuphimba chaji nde machubu akugwirana. Mu glucose ya 5% ndi HEPES pang'ono zikukhala bwino, ndipo glucose ya 5% ikhoza kubayidwa, ndiye tasamukira kumeneko. Mu medium ya serum zikusinthanso, mapuloteni akumata pamwamba zeta nkutsika, izi sitingazipewe chifukwa mthupi ndi momwemo.

Lachiwiri

GFP mmaselo a munthu a HEK293T yawala. Yawala kwambiri moti anthu anaitanizana kudzaona pa microscope, DNA yokha mdima, machubu a COOH ndi DNA mdima, machubu a PEI ndi DNA zobiriwira mbuu. Mmaselo ena, a Vero, ndi zochepa koma zilipo. Mu gulu lathu la WhatsApp ena ayamba kale kunena za mbewa.

Ine ndakana kaye, ndipo ndifotokoze chifukwa chake pano kuti tisamakangane mobwereza. PEI payokha ndi transfection reagent yamphamvu, yolowetsa DNA mmaselo, yakhala ikugwiritsidwa ntchito kuyambira 1995 pomwe gulu la Jean-Paul Behr linaionetsa, ndipo HEK293T ndi maselo omwe amalandira DNA mosavuta, ma labu ambiri amawapatsa plasmid ndi PEI wamba tsiku ndi tsiku. Ife tinathira PEI yochuluka kwambiri pomangirira kuti reaction iyende, ndipo PEI imamata pa machubu a negative ngakhale popanda EDC, kungogwirana ndi chaji. Ndiye mu botolo lathu mukhoza kukhala zinthu zitatu, PEI yomangika zenizeni, PEI yongokakamira yomwe ingachoke ikapeza DNA, ndi PEI yoyandama yomwe sinatsukike. Ziwiri zomalizazi zikakumana ndi plasmid zimapanga ma polyplex wamba, timibulu ta PEI ndi DNA, opanda chubu nkomwe, ndipo amenewo okha akhoza kuwalitsa mbale yonse. Tikatero tidzalemba kuti ma nanotube alowetsa DNA pomwe iwo anangokhala pansi pa well ngati mwaye.

Kuyesa kwake nkosavuta. Tazunguza machubu a PEI mwamphamvu mpaka onse atsike, tatenga madzi a pamwamba oyera opanda chubu, tasakaniza ndi plasmid ya GFP nkuika pa maselo. Ngati madzi amenewo alibe PEI pasakhale kuwala kulikonse. Taikanso well ya PEI yokha, ndi well ya machubu a COOH osakanizidwa ndi PEI popanda EDC, kuti tione ngati kumangirira kuli ndi phindu.

Lachinayi

Madzi a pamwamba aja awalitsa maselo. Osati ngati sampulo yathunthu koma mokwanira kuti tidziwe kuti PEI yoyandama ilimo ndipo mbali ina ya kuwala kwa Lachiwiri inali yake. Kusefa pa membrane sikunakwanire, branched PEI ndi yomata, ndiye tasintha katsukidwe, kutsuka ndi NaCl yamphamvu kuti yongokakamira ija imasuke, kenako dialysis pa membrane ya mabowo aakulu kuposa 25 kDa ndi mpata wokwanira, kumasintha madzi mpaka a kunja asiye kuonetsa ma amine. Poyeza PEI mmadzi tikugwiritsa copper, imapanga mtundu wa buluu ndi PEI nkuwerengedwa cha pa 285 nm, njira yotchipa koma ikutiuza zomwe tikufuna. Kuyambira pano batch iliyonse isanapite pa maselo madzi ake a pamwamba aziyesedwa kaye, ndalemba kale pa khoma la hood.

Patapita masabata angapo

Ndinasiya kulemba chifukwa dialysis ndi kudikira basi, panalibe chonena. Tsopano batch yotsukidwa bwino yayesedwa ndipo chithunzi chasintha. Madzi a pamwamba sakuwalitsanso kanthu, zomwe ndi zabwino. Machubu a PEI akuwalitsabe maselo, zomwenso ndi zabwino chifukwa tsopano tikhoza kunena kuti ndi iwo, koma kuwalako kwatsika ndipo mu HEK293T PEI yokha ikuwaposa. Ena mu timu zawagwetsa ulesi, ine ayi, bola ichi nchenicheni. Komanso pali mbali ina yomwe ikuoneka, ma well a PEI yokha pa mlingo womwe ukuwala kwambiri maselo ambiri akwinyika ena ayandama, pomwe a machubu maselo akuoneka athanzi. PEI ya 25 kDa imadziwika kuti imaboola ma membrane, ndipo zikuoneka kuti ikamangika pa chubu ukali wake ukuchepa. Ngati izi zitsimikizika ndiye phindu la machubu mwina si kulowetsa DNA yambiri koma kulowetsa osapha selo, ndipo pa katemera selo lamoyo lomwe lipanga puloteni kwa masiku ambiri ndi lofunika kuposa selo lowala kwambiri lomwe lifa mawa.

Koma kutsimikiza kwake nkumene kwatipatsa mutu wina. MTT, yoyezera ngati maselo ali moyo, inanena kuti machubu akupha maselo ambiri, maso akunena zina. Izi ndi zodziwika kuyambira 2006, formazan ya MTT, utoto womwe maselo amoyo amapanga, siisungunuka ndipo imamata pa ma nanotube, ndiye ukamawerenga mtundu umakhala wochepa ngati maselo afa pomwe ali moyo. Kuonjezera apo machubuwo ndi akuda, amameza kuwala pa ma wavelength onse, plate reader imasokonezeka. Tasiya MTT, tikugwiritsa WST-1 yomwe formazan yake imasungunuka, tikuzunguza kaye nkusamutsa madzi mu mbale ina tisanawerenge, komanso flow cytometry ndi dye ya maselo akufa. LDH, yomwe imatuluka mmaselo owonongeka, tikuiyesa mosamala chifukwa enzyme imeneyinso ikhoza kumata pa machubu. Pa assay iliyonse pazikhala well ya machubu opanda maselo, apo ayi sitidziwa kuti tikuwerenga chani. LAL yoyezera endotoxin nayonso ndi chimodzimodzi, tiyenera kuthiramo endotoxin yodziwika mlingo nkuona ngati ibwerera yonse.

Pa miting'i panabuka nkhani ya momwe machubu akulowera mselo, ena amakonda ganizo lija loti amaboola membrane ngati singano nkulowa molunjika. Zithunzi zoonetsa zimenezo zilipo mmapepala akale, koma athu ali ndi PEI ndi plasmid yokulungika pamwamba, ndi chibulumwa ndithu, ine ndikuganiza kuti ambiri akulowa ndi endocytosis, kumezedwa ndi selo. Tayesa pa 4 °C pomwe endocytosis imaima, kulowa kwatsika kwambiri, zikugwirizana ndi ganizo limeneli. Ngati zili choncho ndiye PEI ndi yomwe ikuthandiza kutuluka mu endosome, kathumba komwe selo limaikamo zomwe lameza, kaya ndi proton sponge kaya ndi kungoboola khoma, akatswiri sanagwirizanebe. Ndipo olo DNA ituluke mu endosome ulendo sunathe, iyenera kumasuka pa chubu nkulowa mu nucleus, ndipo plasmid ndi yaikulu kwambiri kuti ingodutsa pa nuclear pore payokha. Mu HEK293T izi sizivuta chifukwa maselo akugawikana tsiku ndi tsiku, khoma la nucleus limasweka pa mitosis DNA nkulowa. Maselo a mnofu wa munthu sagawikana. Apa mpomwe makatemera a DNA akhala akugwera kuyambira pomwe Jon Wolff anaonetsa mu 1990 kuti plasmid yobayidwa mu mnofu wa mbewa imapanga puloteni, mu mbewa zimayenda, mu anthu zimafooka. Wa DNA wa dengue weniweni anayesedwapo pa anthu ndi a Naval Medical Research Center ku America, plasmid ya prM ndi E ya DENV-1, unali wosavulaza koma ma neutralizing antibody, ofoola vayirasi, anatuluka mwa anthu ochepa komanso otsika. Katemera wa DNA woyamba kuloledwa pa anthu, ZyCoV-D wa COVID-19 ku India mu 2021, anafuna madozi atatu a ma milligram komanso chida chobayira chopanda singano. Ndiye mbale yowala ya HEK293T isatinamize, tiyesenso mu C2C12, maselo a mnofu wa mbewa, zomwe zalumikizana nkusanduka ma myotube, komanso mma dendritic cell, maselo a chitetezo, ochokera mmafupa a mbewa, amenewo ndiye afanana ndi komwe DNA ikupita.

Lolemba

Tasiya GFP tayamba ma plasmid enieni. Western blot ya medium ikuonetsa EDIII ya mitundu yonse inayi ikutuluka kunja kwa selo, tPA signal ikugwira ntchito, koma ma band sakufanana, ya DENV-4 ndi yofooka kuposa zinazo ngakhale DNA tinaika yofanana, ndipo ndi PEI yokha zili chimodzimodzi ndiye si vuto la machubu, ndi la construct. Mu lysate, za mkati mwa maselo titawaswa, ilimo yambiri, kutanthauza kuti ikupangidwa koma ikukakamira mkati, mwina siikupindika bwino, EDIII ili ndi disulfide bond imodzi yomwe ikalephera mawonekedwe onse amasokonekera. Tiona malire omwe tinadulira domain, mwina tiwonjezere ma amino acid angapo kumapeto.

Wina anati tingopitirira, atatu akuyenda. Pa matenda ena mwina ndikanavomera koma pa dengue ayi, mtundu umodzi wofooka ndi khomo lenileni la ADE, munthu akhala ndi ma antibody ogwira DENV-4 mwa apo ndi apo koma osakwana kuifoola. Ndipo tikasakaniza ma plasmid anayi mu jakisoni mmodzi pakhoza kukhalanso kupikisana, wamphamvu nkuphimba wofooka, zomwe zavutitsa pafupifupi makatemera onse a mitundu inayi. Pali funso lina lomwe sitinaliganize pachiyambi, kodi tisakanize ma plasmid kaye kenako tiike pa machubu, kapena aliyense pa machubu ake kenako tisakanize. Njira yoyamba selo limodzi likhoza kulandira onse anayi, yachiwiri imatilola kusintha mlingo wa mtundu umodzi mosavuta, mwachitsanzo kukweza DENV-4. Ine ndikukondera yachiwiri koma tiyesa zonse pa maselo kaye.

Lachitatu

Pempho la mbewa lapita ku komiti yoona za nyama, tikudikira, palibe kubaya chilichonse chilolezo chisanabwere. Ndilemba magulu apa kuti asadzasinthe mwakachetechete ndalama zikayamba kuchepa, chifukwa zikatero ma control ndi omwe amayamba kudulidwa. Mbewa za BALB/c, jakisoni wa mu mnofu, woyamba ndi obwereza. Gulu la glucose yokha, la plasmid yopanda insert pa machubu, la DNA yokha, la DNA ndi PEI yokha, la DNA ndi machubu a PEI, ndipo ngati tibwereka chida, la DNA ndi electroporation, kugunda mnofu ndi magetsi pang'ono kuti DNA ilowe, chifukwa imeneyo ndi njira yomwe imadziwika kuti imakweza kwambiri mphamvu ya katemera wa DNA, ndiye ndi muyeso wabwino wotiuza ngati tili pafupi kapena kutali. Palinso gulu lina lomwe ndikulimenyera nkhondo, DNA kubayidwa payokha ndipo machubu opanda DNA kubayidwa pamalo omwewo. Cholinga chake nchakuti machubu akhoza kukweza chitetezo osati chifukwa anyamula DNA koma chifukwa akutupitsa malowo nkuitana maselo a chitetezo, ngati adjuvant. Magulu a ku Minas Gerais ku Brazil anayesapo ma multi-walled ndi ma antigen a dengue mu mbewa nkuona chitetezo chikusintha, ndiye ganizoli si lachilendo, koma kunyamula ndi kutupitsa ndi zinthu ziwiri zosiyana ndipo ngati ndi kutupitsa chabe alipo ma adjuvant ena omwe mbiri yawo pa anthu ndi yodziwika kale, sitifunika kaboni yemwe thupi limavutika kumugaya. Myeloperoxidase ya ma neutrophil inaonetsedwa mu 2010 kuti imatha kugaya ma single-walled a COOH, koma athu ndi a makoma ambiri komanso okutidwa ndi PEI, sitingangotengera zimenezo, tiyenera kudula mnofu, ma lymph node, chiwindi ndi kapamba (spleen) nkuyang'ana tokha kuti zakudazo zili kuti ndipo zakhala nthawi yaitali bwanji.

Pa zoyeza, ELISA tichita koma isakhale mutu wa lipoti, imangotiuza kuti ma antibody akugwira, siitiuza kuti akuteteza. Chachikulu ndi PRNT50 pa Vero, yoyezera ngati serum ya mbewa ikufoola vayirasi, mtundu uliwonse pawokha, vayirasi tikukulitsa mu C6/36, maselo a udzudzu aja, pa 28 °C. Kenako serum yomweyo, yosungunulidwa mpaka kutsika kwambiri, pa maselo a K562 omwe ali ndi Fc receptor, kuti tione ngati pali pomwe ikukweza matenda mmalo motsitsa. IgG1 ndi IgG2a komanso ELISpot ya interferon gamma ziwonjezera chithunzi, ngakhale EDIII ilibe ma epitope ambiri a ma T cell, ambiri ali mu NS3 ndi ma NS ena, mapuloteni ena a vayirasi omwe ife tilibe, ichi ndi chofooka cha kapangidwe kathu ndipo tichilemba momwemo. BALB/c sizidwala dengue bwinobwino ndiye challenge, kuzipatsa vayirasi dala, siingachitike mwa izo, imafuna mbewa za AG129 zomwe zilibe ma receptor a interferon, koma zimenezo ndi zamtsogolo ndipo tidzapempha pokhapokha PRNT itaonetsa kanthu pa mitundu yonse inayi.

Tagwirizana ndi a supavaiza kuti ngati gulu la machubu silidzaposa la DNA yokha ndi la PEI yokha pa PRNT, tidzalemba zomwezo nkutumiza, osayamba kusakasaka cytokine imodzi yomwe yakwera kuti ikhale nkhani.

Zotsala sabata ino: sampulo za TGA zapita, zikabwera tikonza ma N/P onse mu buku. Ma primer atsopano a DENV-4 taoda. C2C12 zili mu medium yosinthira, ziyamba kulumikizana. Batch yatsopano ya machubu ili mu dialysis, amene ali pa ndandanda ya kumapeto kwa sabata asinthe madzi mmawa ndi madzulo ndipo asunge pang'ono pa madzi ochotsedwawo mu firiji, alembepo tsiku, tidzawayeza ndi copper Lolemba.